Mwala Umene Dona Anakhalapo

Ndinayamba sukulu ndili ndi ndevu. Ana amene ndinkakhala nawo pa benchi ku mishoni ankanditcha amalume, ndipo mphunzitsi akafuna kundikwapula ankayamba wapepesa. Ndikunena izi kuti mumvetse chifukwa chake kapepala kamodzi kanandizunguza mutu chotero. Munthu wodziwa kulemba atakula kale amalemekeza pepala kuposa mmene liyenera kulemekezedwera.

Nthawi imene ndikunenayi Chitaganya chinali chisanathe. Ndinkagwira ntchito pa boma la Nkhotakota kwa mzungu wina woyang'anira za mpunga. Ndinkakopera mayina a midzi m'buku, kunyamula makalata, ndi kumasulira bwanayo akamalankhula ndi alimi, pakuti Chinyanja chake chinali cholamulira chokha: bwera, pita, fulumira. Chingerezi changa nachonso chinali chotsimphina, koma tinkamvana. Kwathu kunali ku Liwaladzi, kumene achimwene anga, amene ndinawaponda pamutu, anali ndi boti lamatabwa la thanga. Ndiwo ananditulutsa m'botimo n'kunditumiza ku sukulu, ati m'banja mukhale mmodzi wodziwa kuwerenga zimene boma likutilembera.

Tsiku lina bwana anandiitana pakhonde. Dona wake anali atangofika kumene kuchokera ku Mangalande, ndipo ankangoswera m'nyumba n'kumadzikupiza ndi nyuzipepala. Bwana anati wapatsidwa masiku opuma, ndipo tsiku limodzi akufuna kupita ndi dona ku chilumba chija chimaonekera kummwera kunja kukayera bwino. Dzina la chilumbacho sinditchula, a kuno akulidziwa. Anati ulendowo ndi holide, ndipo popeza ine ndinakhalapo msodzi, ndiwapezere boti ndi kuwalembera papepala zonse zoti akaone ndi zoti akachite.

“Muli ndi abale kumeneko, bwana?” ndinafunsa.

Anati ayi.

“Kuli mlandu?”

Ayi.

“Mukukagula nsomba?”

Anaseka. “Tikungokaona basi.”

“Kukaona chiyani, bwana?”

“Ndicho ndakuitanira iwe,” anatero, n'kundipatsa pepala loyera ndi pensulo yatsopano.

Mawu akuti holide ndinkawadziwa ku sukulu, kutanthauza nthawi yokathandiza makolo kumunda. Koma holide yoti munthu wamkulu awoloke nyanja kukayang'ana zinthu zimene sadzagula, sadzadya, ndipo si zake, imeneyo inandipita pambali. Komabe mtima unadumpha. Chiyambire kugwira pensulo ndinali ndikungokopera za ena. Aka kanali koyamba munthu kundiuza kuti ndilembe zochokera m'mutu mwanga.

Kunyumba ndinapeza mkazi wanga akupeta mpunga, ndipo ndinamufotokozera.

“Akukazonda ndani?” anafunsa.

“Palibe.”

“Ndiye kuli maliro.”

“Kulibe maliro. Akuti akungokaona.”

Anaimika lichero. “Abambo, munthu kuwoloka madzi onsewo kukaona miyala? Kuno miyala yatha? Inu simunamve bwino, Chingerezi chanucho. Kapena donayo sakubereka, akufuna sing'anga koma akuchita manyazi kunena.”

Ndinakhala pamkeka ndi pepala langa masiku awiri. Pachilumbapo ndinali nditagwirapo ntchito zaka zisanu ndi achimwene, koma nditadzifunsa kuti ndinaonapo chiyani, ndinapeza kuti sindinaonepo kanthu. Ndinkakoka ukonde, kuyanika nsomba, kugona. Ndinayesa kuganiza ngati mzungu. Ndinakumbukira kuti bwana ankaimitsa galimoto chifukwa cha mbalame, ndiye poyamba ndinalemba kuti nkhwazi zikutola nsomba pamadzi. Kachiwiri, miyala ikuluikulu yoyera ndi zitosi za mbalame, koma mawu akuti zitosi ndinawasiya. Kachitatu, asodzi akukoka chilimira, ukonde waukulu uja wa utaka. Kachinayi, ng'azi zikuwothera dzuwa. Pamenepo nzeru zinandithera. Pepala linali lidakali loyera theka, ndipo ndinachita manyazi, ndiye kachisanu ndinalemba kuti kudya nkhuku.

Dona ataliwerenga anaomba m'manja ngati mwana. Anatenga pensulo yanga n'kuwonjezera chachisanu ndi chimodzi ndi dzanja lake: kukwera pamwamba pa chilumba ndi kujambula chithunzi. Ankajambula ndi utoto wosungunula m'madzi, anali ndi kabokosi kake.

Tsono pali chinthu chimene ndinkachidziwa kuyambira pakhonde paja, ndipo ndinkachikankhira kumbuyo kwa mutu. Pachilumba chimenecho mkazi saponda. Mowa sufika, njoka siphedwa, mkazi saponda. Asodzi a m'mbali monse mwa nyanja ankapita kumeneko nyengo ya utaka n'kusiya akazi awo kumtunda, ndipo ankati wina akaswa malamulowa utaka umamira, osaonekanso. Panalibe mwana wa kunyanja amene sankadziwa zimenezi.

Kawiri konse ndinaima pakhomo la ofesi kuti ndimuuze bwana. Koyamba anali atakwiya ndi nkhani ya matumba onyowa. Kachiwiri ndinaona pepala langa lili patebulo, dona atalijambulira kankhwazi pakona, ndipo ndinabwerera osalowa. Ndikanena, ulendo ukanatha, ndipo pepala likanapita kukayatsira moto.

Ndiye ndinayamba kudzinyengerera. Kodi dona ndi mkazi monga akazi athu? Sasinja, satunga madzi, amavala thalauzi, amadya patebulo limodzi ndi mwamuna wake n'kumamuitana ndi dzina. Lamulolo linaikidwa azungu asanafike, mizimu ya pachilumba ingamuzindikire bwanji? Ndiponso ine ndinali wobatizidwa, ndipo ku kalasi anatiphunzitsa kuti zoterezi n'zachikunja. Koma ngati zinali zachikunja, n'chifukwa chiyani ndinkaziopabe? Ndinazungulira m'maganizo amenewa mpaka sindinadziwenso ngati ndikuopa mizimu, bwana, kapena asodzi.

Loweruka ndinapalasa njinga kupita ku Liwaladzi. Achimwene ndinawapeza akumata boti ndi phula.

“Achimwene, azungu awiri akufuna muwatengere ku chilumba.”

“Awiri?”

“Awiri.”

“Akukatani?”

“Kukaona.”

Anandiyang'ana, n'kugwedeza mutu. “Za azungu. Mowa asatenge.”

“Sadzatenga.”

Sanafunse china, ndipo ine sindinawonjezere kanthu. Ndinakwera njinga n'kubwerera.

Mlendo sapita pachilumbapo popanda chilolezo. Panali nkhalamba ina, mkulu wa asodzi, yosekaseka, yokonda fodya wam'mphuno, imene inkasunga malamulowo. Achimwene anapita kwa iyo kukapempha, ndipo anapereka mawu awo kuti alendowo ndi azungu awiri, mowa alibe, ndipo wawatuma ndi mng'ono wawo wophunzira uja. Nkhalamba inalola.

M'mawa wa ulendo boti linakocheza pa gombe la pa boma. Unali mwezi wotentha, nyanja itaphwera. Achimwene anali m'madzi mpaka m'chiuno atagwira boti pamene bwana anatsetsereka ndi mfuti paphewa, kumbuyo kwake dona atavala thalauzi la khaki ndi chipewa chachikulu, kabokosi ka utoto kukhwapa, pepala langa m'manja.

“Mphwanga, tabwera kuno,” anatero achimwene motsitsa mawu. “Mzungu wachiwiri ndi uti?”

“Ndi ameneyo.”

“Wachipewayo?”

“Eya. Wavala thalauzi, achimwene.”

“Thalauzi ndaliona. Ine ndikufunsa zimene zili m'malayamo.”

Kukana kunali kosatheka. Masiku amenewo munthu sunkabweza mzungu wa boma ataima kale pagombe ndi madengu ake. Achimwene anatsuka kumaso ndi madzi a m'nyanja, n'kunena kuti, “Tizungulira chilumba, aone zonse ali m'boti. Mayiyo asatsike. Uwauze mwambo wake bwinobwino. Wamva?”

Ndinati ndamva. Mpoto unadzaza thanga, ndipo tinayamba ulendo.

Tili pakati pa nyanja ndinatembenukira kwa bwana. Ndinkafuna kunena za mwambo, koma chimene chinatuluka n'chakuti pachilumba pali njoka zambiri, si pabwino kwa dona. Bwana anasisita mfuti yake n'kunena kuti njoka si nkhani, aziwombera. Pofuna kutseka lamulo limodzi ndinali nditatsegula lina. Ndinafulumira kunena kuti miyalanso ndi yoterera kwambiri. Anati tikaona tikafika.

“Wawauza?” anafunsa achimwene ali ku chiwongolero.

“Ndikuwauza pang'onopang'ono.”

Tinafika dzuwa lili pamutu, n'kuyamba kuzungulira. Zinthu zinachita ngati zinawerenga pepala langa. Nkhwazi inatsika patsogolo pathu penipeni n'kunyamula nsomba, dona anakuwa, anachonga choyamba. Miyala yoyera, anachonga. Asodzi akukoka chilimira ndi mabwato awo, anachonga. Ng'azi ziwiri pamwala, anachonga n'kundimwetulira, ndipo anauza bwana kuti pepalalo ndi labwino koposa. Ndiyenera kuvomera kuti ngakhale pamenepo, asodzi atasiya kuimba n'kumayang'anitsitsa chipewa chija, ine ndinakondwa.

Kenako mphepo inatembenuka. Mafunde anayamba kumenya boti cham'mbali, ndipo nkhope ya dona inasanduka ngati phulusa. Anasanza kamodzi, kawiri, n'kugona pa matabwa akubuula. Bwana analamula kuti tikocheze msanga.

“Akuti chiyani?” anafunsa achimwene, ngakhale anali atamva.

“Akuti tikocheze.”

“Uwauze tsopano, iwe! Uwauze kuti mkazi saponda apa!”

Ndinatsegula pakamwa. Bwana anali atafiira, atagwira mutu wa mkazi wake. Ndinamuuza kuti achimwene akufunafuna malo abwino.

Achimwene anandiyang'ana kamodzi kokha, n'kukhotetsa boti. Chakumadzulo kwa chilumbacho kuli mwala waukulu wathyathyathya, ndipo pakati pa mwalawo ndi chilumba pamadutsa kamkwasa ka madzi, kotalika ngati mikono iwiri, kolekeza m'mawondo. Anakocheza pamenepo. Bwana ananyamula dona n'kumugoneka pamwalapo.

Atapuma anapeza bwino. Anadya nkhuku, anachonga chachisanu. Bwana anawoloka kamkwasa kaja n'kukwera pamwamba yekha, wopanda mfuti, chifukwa achimwene anali ataikhalira n'kumachita ngati akukonza chingwe. Dona anati sangathe kukwera, ajambula ali pompo. Anatsegula kabokosi kake, natunga madzi a m'nyanja m'kapu, n'kukhala akujambula chilumba mpaka dzuwa litapendeka. Asodzi anasiya maukonde n'kudzaima m'miyala, amuna ngati makumi atatu, osalankhula. Dona anawakwezera dzanja. Palibe anabweza. Anandifunsa chifukwa chake, ndipo ndinati ndi anthu amanyazi.

Masabata otsatira utaka unasowa. Mwina unali woti usowe kale, chifukwa utaka uli ndi zaka zake. Mwina ayi. Mpaka lero sindidziwa, ndipo ndafunsapo abusa ndi anthu a za nsomba omwe, aliyense n'kundiyankha zake.

Asodzi anatiitanitsa ine ndi achimwene ku gombe la kumtunda loyang'anana ndi chilumba, m'mawa, pansi pa mkuyu. Nkhani inali pa achimwene. Akapezeka kuti sanadziwe kuti akunyamula mkazi, akanapereka mbuzi n'kupitiriza kusodza. Akapezeka kuti anadziwa n'kubisa popempha chilolezo, pachilumba sakanapondanso, ndipo boti ngati lawo popanda utaka wa pachilumba silikanadyetsa banja.

Koma anthu anayamba ndi mwala. Kodi mwala uja ndi chilumba kapena ndi nyanja?

“Ndi chilumba,” anatero wina. “Chaka cha chilala tinkayanikapo nsomba, tinkapita osanyowa.”

“Chaka cha chilala! Nanga chino n'chaka cha chilala? Nkhuku ingawoloke pamenepo?”

“Ngati ndi nyanja, kaponyepo ukonde tione ugwira chiyani.”

“Ugwira mafupa a nkhuku ya dona!”

Anthu anaseka, ena anatukwana. Wina anati pansi pa madzi mwalawo ndi chilumba n'zolumikizana. Mnzake anati ngati zili choncho ndiye ngakhale gombe lino ndi chilumba, akazi athu onse asamuke. Ine ndinkamvetsera mtima uli m'mwamba, n'kumapemphera kuti mwala ukhale nyanja.

Nkhalamba ija inaseka mpaka misozi, inafwenkha fodya, inayetsemula. “Za mwala tizisiye, anyamata. Mwala suyankha. Ndifunse anthu.” Inatembenukira kwa achimwene. “Unabwera kwa ine n'kuti azungu awiri. Unkadziwa kuti mmodzi ndi mkazi?”

Achimwene anayang'ana pansi.

“Chabwino. Iwe wa pensulo, unawauza akulu akowa?”

Kwa ine panalibe chilumba choti andiletse. Koma ndinadziwa kuti ndikavomera kuti sindinawauze, atumiza anthu ku boma kukadandaula kuti kalaliki wa bwana ananamiza asodzi ndiponso ananamiza bwana yemweyo pomasulira. Ndinaona malaya anga a khaki akuvulidwa. Ndinaona ndikubwerera ku Liwaladzi, munthu wa ndevu amene anakhala pa benchi ndi ana pachabe.

“Sindikukumbukira bwino, agogo,” ndinatero.

“Wophunzira osakumbukira? Sunalembe?”

Anthu anasekanso. Kuseka kusanathe, achimwene anadzutsa mutu.

“Anandiuza,” anatero. “Ndinabisa ndine.”

Nkhalamba inasiya kuseka. Inawayang'ana nthawi yaitali, kenako inandiyang'ana ine, ndipo ndikhulupirira kuti inadziwa. Koma mawu anali atanenedwa pagulu. Inagamula kuti achimwene asaponde pachilumba nyengo zitatu za utaka.

Nyengo zitatu sizinadikirike. Chaka chisanathe anagulitsa boti n'kupita ku minda ya fodya ku Halale. Alamu anga anadikira, kenako anabwerera kwawo ndi ana. Ine ndinapitiriza kukopera mayina a midzi.

Bwana atasamutsidwa, dona anandipatsa chithunzi chija ngati mphatso, ati chifukwa cha tsiku labwino koposa limene anakhala nalo m'dziko muno. Pansi pa chithunzicho pali m'mphepete mwa mwala umene anakhalapo, kenako kamzere ka madzi obiriwira, kenako chilumba. Madziwo akuoneka bwinobwino. Ndinachisunga m'sutikesi, ndipo kwa zaka zambiri ndinkachitulutsa n'kumaloza kamzereko ndi chala, ngati kuti mlandu unali wa mwala.

Achimwene anabwerera dziko litalandira kale ufulu, ataonda, ali ndi chifuwa chosatha. Nkhalamba ija inali itamwalira, chiletso chinali chitaiwalika, koma analibe boti, ndipo mphamvu zokokera chilimira zinali zitatsalira ku Halale. Ankasoka maukonde a anthu ena pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba. Za chilumba sitinkakamba.

Tsiku lina m'mawa ndinatenga chithunzi chija n'kupita nacho. Anachigwira patali ndi maso, n'kuchiyang'ana nthawi yaitali.

“Madzi alipodi,” anatero. “Koma boti langa sanalijambule.”

“Achimwene, ndabwera kudzanena chinthu. Sindinakuuzeni kuti ndi mkazi. Ndinabisa dala. Ndipo pansi pa mkuyu paja ndinkakumbukira bwinobwino.”

Anandibwezera chithunzi n'kutola singano yawo. “Unandiuza.”

“Sindinakuuzeni.”

“Unandiuza, iwe. Ndinkamata boti. Utakwera njinga unatembenuka n'kuti, bwana ndi akunyumba kwawo. Unavala malaya oyera ong'ambika pakolala. Ndinamva, koma ndinkafuna ulendowo, ndiye ndinachita ngati sindinamve.”

“Achimwene, zimenezo munangonena pondipulumutsa.”

“Ndikupulumutse iwe? Ndi mphuno yakoyo?” Anatsokomola. “Sukulu inakuwononga mutu, mphwanga. Nkhani imeneyi ndaifotokoza kwa anthu zaka zonse ku Halale, ndimaidziwa kuposa iwe. Usandilande mlandu wanga, ndi chinthu chokha chimene ndinabwera nacho.”

Ndinayang'ana nkhope yawo kuti ndione ngati akundinamizanso mwachifundo, kapena ananena bodzalo nthawi zambiri mpaka linamera mizu. Sindinaone kanthu. Ankangosoka. Malaya oyera ong'ambika pakolala ndinalidi nawo.

Patapita kanthawi anafunsa osadzutsa mutu. “Koma tandiuza zoona, tonse takalamba. Azungu aja ankakafuna chiyani kwenikweni?”

“Kukaona basi.”

“Kuona chiyani?”

Ndinawawerengera za papepala zija, chimodzichimodzi. Nditafika pa chachinayi anaika ukonde pansi.

“Ng'azi?” anatero. “Boti langa linapita chifukwa cha ng'azi?”

Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira, ndipo ndinathamanga kukawatungira madzi.

Anamwalira mvula yotsatira, pachilumba asanapondenso. Ndinapita kukapempha chikhululukiro, ndipo ndinabwerako wopanda ngakhale mlandu wopepesera. Tsopano nanenso ndakalamba kuposa mmene iwo anakalambira, ndipo masiku ena ndikakumbukira Loweruka lija ndimadziona ndili panjinga, phazi limodzi pansi, ndikutembenuka, pakamwa pakutseguka. Ndimadziwa kuti sizinachitike. Ndalemba pano kuti sindinawauze, ndipo ndalemba ndi inki, kuti tsiku limene ndidzayambe kuwakhulupirira ndidzabwere kudzawerenga.